Amalume abwereranso ku opaleshoni

Abale, nkhani ya amalume athu a ku Ndirande yafika pena. Chaka chatha anawaika stent, kachubu koti magazi azidutsamo, mumtsempha waukulu wa m'chifuwa, uja amati aorta, chifukwa unatupa ngati chubu cha njinga. Sanawang'ambe chifuwa ayi, anangolowetsera m'mphechepeche. Ife tinkati basi zatha.

Dzulo sikani yaonetsa kuti magazi akudutsa m'mbali mwa stent ija n'kumadzazanso chotupacho. Adokotala akuti ndi endoleak, pafunika kulumikiza stent ina. Koma eniakewo sakumva kupweteka paliponse, m'mawa amathirira mpiru kuseri, ndipo kusikaniko tinachita kuwakakamiza.

Chikundisowetsa tulo n'chakuti stent ikatalika imatha kutseka timitsempha todyetsa msana, miyendo n'kufa. Mankhwala awo a BP ndatenga, ndiziwamwetsa ndekha.