Okwera matanthwe, yezani chingwe chanu

Inu amene mumathamangira ku matanthwe a pafupi ndi mzinda Loweruka lililonse, yezani chingwe musananyamuke. Njira yotalika mamita 30 imafuna chingwe chosachepera mamita 60, chifukwa chimakwera n'kubwereranso pansi. Chikachepa, nsonga yake imapulumuka m'chipangizo cha amene akutsitsa mnzake, wokwerayo n'kugwa. Choncho mangani mfundo kunsongako, sizitenga ndi mphindi yomwe.

Pa harness, lamba uja wa m'chiuno ndi m'ntchafu womangirapo chingwe, mangani mfundo yooneka ngati 8, musiye mchira wa masentimita pafupifupi 15, mnzanu aione musanayambe kukwera. Helemeti muvale ngakhale muli pansi, poti pamalo odzaza anthu timiyala timagwa kuchokera kwa amene ali pamwamba.

Thanthwe la sandstone, mwala wopangidwa ndi mchenga wogwirana, likanyowa limafooka, pogwira n'kuthyoka. Mvula ikagwa, dikirani liume kaye.