Tikuthokoza Onse Amene Anatigwira Mkono pa Matenda a Mwana Wathu

Ife makolo a ku Chinamwali, mumzinda wa Zomba, tikuthokoza poyera onse amene anaima nafe pamene mwana wathu wamwamuna anadwala matenda otchedwa achalasia, amene amalepheretsa chakudya kutsikira m'mimba.

Matendawa sapezeka kawirikawiri mwa ana, n'chifukwa chake anachedwa kudziwika. Mwanayu akameza mbamu ya nsima inkakakamira pachifuwa, kenako n'kubwerera yosagayika. Usiku ankatsokomola mpaka kunyowetsa pilo, ndipo anaonda moti yunifolomu inayamba kumukulira. Ena ankati ndi chifuwa chachikulu, ena ankati ndi za anthu.

Tikuthokoza mwapadera adokotala a pa Zomba Central Hospital amene anakhala nafe pansi mofatsa n'kutifunsa ngati chakudya chobwereracho chinkawawasa kapena ayi. Titayankha kuti sichinkawawasa, anati n'kutheka kuti sichinkafika n'komwe m'mimba. Mwanayo anamwetsedwa madzi oyera okhuthala a barium, ndipo chithunzi cha X-ray chinaonetsa njira ya chakudya itakula pamwamba koma itapapatiza kumunsi ngati mlomo wa mbalame. Anatifotokozera kuti mnofu wa pakhomo lolowera m'mimba, umene umayenera kumasuka munthu akameza, sunkatseguka chifukwa mitsempha youlamulira inawonongeka. Kwa ife, kufatsa kwawo pofunsa ndiko kunapulumutsa mwanayu.

Opaleshoni inachitikira ku Mercy James, chipatala cha ana chimene chinatsegulidwa mu 2017 pa Queen Elizabeth ku Blantyre. Njira yake ndi ija anaiyambitsa dokotala Ernst Heller wa ku Germany mu 1913: madokotala amacheka mnofu wothinawo mosamala osaboola khungu lam'kati, ndipo kwa mwana wathu anasokereraponso mbali ya chifu kuti asidi asamakwere kummero. Kwa madokotalawo, ogonetsa odwala, ndi anamwino amene ankamuyang'anira usiku wonse mpaka atayamba kumwa phala lamadzimadzi, tikuti zikomo kwambiri.

Tikuthokozanso amayi a Mvano, anzathu a banki m'khonde amene anatisonkhera ndalama ya thiransipoti, aphunzitsi ake, ndi magadiyani anzathu amene ankatigawira nkhuni kukhitchini kwa chipatala.

Adokotala anatiuza mosabisa kuti mitsempha yowonongekayo sibwerera mwakale, choncho mwanayu azidya pang'onopang'ono, azitafuna bwino, azimwera madzi, ndipo tizipita naye kukaonedwa pa masiku amene anatipatsa. Pakali pano wabwerera kusukulu ndipo thupi likubwerera. Tikupempha kuti mupitirize kumukumbukira m'mapemphero anu.