Khoma la ku Pevensey linandipusitsa kawiri

Teremu ino, pa phunziro lathu la zomangamanga, aphunzitsi anatipatsa ntchito yoti aliyense apeze chimango chakale cha konkire, afufuze mmene anachimangira ndi mmene chikuwonongekera. Anzanga ambiri anathamangira milatho. Ine ndinasankha timalinga ta asilikali tomwe kuno ku England amati pillbox. Kena kali m'mphepete mwa munda womwe ndimadutsa popita kuntchito, ndipo chaka chathunthu ndinkangoti ndi kanyumba kosungiramo zipangizo za mlimi.

Mu June 1940, pa nkhondo yachiwiri ya padziko lonse, asilikali a Britain atapulumuka ku doko la Dunkirk, akasinja, mizinga ndi magalimoto awo ambiri zinatsalira ku France. Anthu ankagona khutu lili kunja, poganiza kuti Ajeremani awoloka nyanja tsiku lina lililonse. General Edmund Ironside, yemwe ankatsogolera asilikali oteteza dzikolo, analamula kuti pamangidwe mizere ya chitetezo motsata magombe, mitsinje, ngalande ndi njanji. Timalinga pafupifupi 28,000 tinamangidwa, ndipo tomwe tidakalipo ndi pafupifupi 6,500. Adani omwe ankawadikirirawo sanabwere.

Mapulani ankachokera ku ofesi ya zankhondo, mtundu uliwonse ndi nambala yake. Kanga kaja ndi ka Type 22, ka mbali zisanu ndi imodzi. Tiziboo toombererapo mfuti n'totambalala kunja, topanikiza mkati, ndipo m'mbali mwake anasema ngati masitepe kuti chipolopolo chikagunda pamenepo chisatsetserekere mkati. Pakati pa chipindacho pali kakhoma kooneka ngati chilembo cha Y. Poyamba ndinkati ndi mzati wochirikiza denga basi. Ayi ndithu: ntchito yake inali yoti chipolopolo chikalowa pa chiboo chimodzi chisanjanjenjanje n'kukapha munthu yemwe waima mbali ina.

Chomwe chinandigwira mtima kwambiri ndi njerwa. Kunja konse nkwa njerwa, koma pa ngodya ina zagumuka ndipo kuseri kwake kukuoneka konkire. Ndinaima pamenepo nthawi yaitali ndisanamvetse kuti njerwazo si khoma lenileni, ndi chikombole. Matabwa ankasowa chaka chimenecho, ndiye amisiri ankamanga timakoma tiwiri ta njerwa, n'kuthira konkire pakati, n'kuzisiya momwemo. Nditalowa mkati n'kuunika kudenga ndi tochi ya foni, ndinaona mizere yokwera ndi kutsika, chizindikiro choti anayala malata pothira silabu. Ndinasisita ndi chala. Bambo anga anali mmisiri womanga, ndipo ndili mwana ndinkawaona akubwereka malata akale matabwa akawathera. Sindinayembekezere kukumana ndi nzeru yomweyo m'munda wa ku England. Liwiro lomwe anamangira likuonekanso pakhomapo: pena miyala inaunjikana popanda simenti yokwanira, pena chitsulo chili pafupi kwambiri ndi kunja, chachita dzimbiri n'kuphulitsa konkire.

Mutu wa kabisidwe kake ndinkauderera. Ndinkaganiza kuti ndi nkhani yopaka penti yobiriwira. Nditawerenga ndinapeza kuti mdani wamkulu anali ndege yojambula kuchokera kumwamba, ndipo chomwe chimaulula chimango pa chithunzi chotere ndi mthunzi wake, mizere yowongoka, ndi kanjira komwe mapazi a asilikali apanga pa udzu. N'chifukwa chake ankathira dothi ndi kubzala udzu padenga, kapena kuphimba ndi maukonde. Pomwe kubisa kunali kosatheka, ankakasandutsa chinthu china chomwe diso linazolowera kale: pobisalira mvula podikira basi, kanyumba ka m'munda, kagolosale. Ku Somerset ntchitoyi anaigwirako Oliver Messel, katswiri wokongoletsa masiteji a zisudzo, yemwe timalinga tina anativeka ngati milu ya udzu wa ziweto, tina ngati mabwinja. Ineyo ndikuona kuti anasankha munthu woyenera, chifukwa wa zisudzo amadziwa pomwe diso la woonera limathamangira ndi pomwe limangodutsa.

Loweruka lapitali ndinakwera sitima kupita ku linga lakale la Pevensey Castle, ku East Sussex. Makoma ake akunja anamangidwa ndi Aroma cha m'ma 290. Mu 1940 asilikali analowetsa malo oomberapo mfuti zachiwaya m'makoma omwewo, n'kuwakuta ndi miyala yofanana ndi yakaleyo. Ndinapita ndikudziwa zonsezi, kope lili m'manja, komabe ndinadutsa pamalo amodzi kawiri osaona kanthu. Kachitatu mpamene ndinaona kamzere kakuda kopingasa, kowongoka kuposa ming'alu ina yonse. Thupi linachita tsembwe. Wina anakhala pansi n'kusankha mwala umodziumodzi kuti munthu woima pomwe ndinaimapo asadziwe kuti mfuti yamuloza.

Mu lipoti langa ndawonjezera gawo lomwe poyamba munalibe, la kaonekedwe ka chimango ukachiyang'ana patali. Loweruka likubwerali ndibwerera kumunda kuja ndi tepi kukayeza kuchindikala kwa khoma. Mwini munda wandilola, koma wandipempha kuti ndilowe mwakachetechete ndipo ndisaunikenso kudenga, chifukwa akuti mumagona mileme.