Mafuta kapena sitachi pa ulendo wa pabwato m'nkhalango

Sabata ino, pa phunziro la kadyedwe ka anthu ogwira ntchito yolemetsa thupi, tinafunsidwa kuti munthu wopalasa bwato masabata awiri kopanda golosale anyamule chakudya chanji. Poyamba ndinkati yankho ndi mafuta basi, ndipo chifukwa chake ndinali nacho.

Ndinali nditawerenga za amalonda a zikopa a ku Canada a zaka za m'ma 1700, otchedwa voyageurs. Anthuwa ankapalasa kuyambira mbandakucha mpaka mdima. Akafika pamene madzi sadutsika, ankasenza katundu, mitolo ya makilogalamu pafupifupi 41, iwiri nthawi imodzi. Pa Grand Portage, m'mbali mwa nyanja ya Lake Superior, njira yoteroyo ndi ya makilomita pafupifupi 14. Amene ankakhala kumpoto kwenikweni ankadalira pemmican: nyama ya njati za ku America, youmitsa, yosinja, yothiridwa mafuta osungunula, ndipo inkatha miyezi yambiri osawonongeka. Galamu imodzi ya mafuta imapereka makalori (muyeso wa mphamvu ya m'chakudya) 9, pamene ya sitachi kapena shuga imapereka 4. Ukadziwa kuti thumba lililonse udzalisenza wekha, masamu amenewa amakopa.

Thupi nalo limaoneka ngati likuvomereza. Shuga wosungidwa m'minofu ndi m'chiwindi, wotchedwa glycogen, ndi wa makalori pafupifupi 2,000 okha, pamene mafuta a m'thupi, ngakhale mwa munthu wowonda, ndi a makalori masauzande ambirimbiri. Kupalasa modekha tsiku lonse ndi ntchito imene mafuta amaikwanitsa bwino.

Chimene chinandibweza ndi kafukufuku wa Louise Burke wa ku Australia, wa mu 2017, pa akatswiri a mpikisano woyenda mofulumira. Amene anasiya sitachi kwa masabata atatu anayambadi kutentha mafuta ambiri, koma ankafuna mpweya wochuluka kuti ayende liwiro lomwelo, ndipo pa mpikisano sanapite patsogolo ngati anzawo odya sitachi. Apa ndinaima nthawi yaitali. Ulendo wa pabwato sukhala wodekha tsiku lonse. Imabwera mphepo ya mwadzidzidzi pakati pa nyanja, nkhafi n'kumalemera ngati khasu m'dothi lonyowa. Umabwera mtunda wamiyala, bwato lili pamapewa, mtima ukugunda m'makutu. Nthawi zimenezo thupi limafuna shuga, ndipo munthu amene alibe amangomva miyendo kulobodoka. Kumadzi, kulobodoka kotero kungathe kutenga moyo.

Nditabwereranso kwa a voyageurs aja, ndinaona chimene ndinadumpha: amene ankanyamuka ku Montreal ankadya chimanga ndi nsawawa zouma, zophikidwa ndi nyama ya nkhumba yamafuta. Iwonso ankafika.

China chimene chandikhudza n'choti thupi limatenga masabata angapo kuti lizolowere kukhala popanda sitachi. Masiku oyamba munthu amafooka, mutu umawawa, ndipo madzi ndi mchere zimachoka zambiri, poti glycogen amasungidwa pamodzi ndi madzi. Kuyamba kadyedwe kameneka pa tsiku lonyamuka ndi kudziika pa ngozi popanda chifukwa.

M'yankho langa ndinalemba phala la oats lothira mtedza m'mawa, mpunga wa mafuta ambiri ndi nyama youma madzulo, ndi zipatso zouma m'thumba la malaya, zodya bwato lisanakwere pamapewa.