Masingano a chiChina nawonso akufunika lamulo

Ndangochoka kumsika ku Ulongwe, ndapeza bambo wina akubaya agogo masingano aja a chiChina, akuti acupuntura, msana onse, kenako kuzula nkungopukuta ndi kansalu basi, wotsatira khalani apa. Abale thupi langa lachita tsembwe, singano imodzi anthu angati?

Sindikunyoza chithandizochi ayi, ena amati msana umalekadi. Koma asing'anga athu ali ndi bungwe la AMETRAMO, madotolo ali ndi bungwe lawo, nanga awawa akuwayang'anira ndani? Ku Portugal lamulo lake analikhazikitsa kalekale mu 2003, pofika 2013 anawonjezera zoti wobaya masinganowa azikhala ndi chiphaso. Madeputado athu a Tete tisamangowaona nthawi ya kampeni, tiyeni tiwalembere akayilankhule nkhaniyi ku Assembleia, nyumba ya malamulo ku Maputo, hepatite, matenda a chiwindi opatsirana pobwerekana singano, isanatimalize.