Tinasuntha nyumba ya sikelo chifukwa cha njira ya mvuu

Namondwe wa Freddy atatigwetsera nyumba ya sikelo ya ana mu Malichi 2023, komiti yathu ya chitukuko cha m'mudzi inapeza ndalama zomangira ina. Ine ndine mlembi wa komitiyo, kuno ku Chikwawa m'mphepete mwa dambo la Elephant Marsh. Malo tinali titasankha kale: pansi posalala pafupi ndi madimba, pomwe amayi amadutsa popita kukathirira.

Kukhonsolo anatiuza kuti maziko asanakumbidwe malowo ayenera kuunikidwa, monga limanenera lamulo la zachilengedwe la 2017, ndipo anatipatsa fomu. Ndinanyinyirika mumtima, poti chilimwe chinali kupita.

Tinayambira kwa amfumu, kuti aitane mudzi. Pabwalo tinajambula mapu pansi: phulusa kuimira madzi, miyala nyumba, masamba madimba. Mukafika pamenepa musathamange, muwasiye asodzi ndi amayi a m'madimba alankhule mpaka atope. Agogo ena anatenga ndodo nalemba mzere wochokera kudambo, wodutsa pakati penipeni pa malo athu aja. "Ana anga, uwu ndi msewu wa mvuu. Chimanga cha m'dimba chikayamba kumasula mudzaziona."

M'mawa mwake tinadzuka tambala woyamba, pamodzi ndi mlangizi wa zachilengedwe komanso mkulu wina wa nthambi yoona za nyama zakutchire. Kulawirira n'kofunika, chifukwa ng'ombe zikatuluka m'makola zimafufuta mapazi onse. Sitinayende nthawi yaitali. Pamatope panali phazi la zala zinayi, kukula ngati mbale ya ndiwo. Njira yake inali ya mizere iwiri, udzu utatsala pakati, poti miyendo ya mvuu ndi yotalikirana. Pazitsamba panali ndowe zomwazika, zomwe imawaza ndi mchira. Mkuluyo anatifotokozera kuti mvuu imatuluka usiku kukadya msipu, n'kubwerera m'madzi m'bandakucha podzera njira yomweyo, ndipo tsoka kwa amene waima pakati pa iyo ndi madzi ake. Ndinaganiza za mayi wobereka mwana kumsana, walawirira kuti akakhale woyamba pamzere wa sikelo. Kunyinyirika kwanga kunathera pomwepo.

Chilichonse tinkachijambula pafoni n'kulemba m'kope manambala a GPS, osonyeza malo enieni pamapu. Tinalembanso gombe la mchenga pomwe ng'ona zimakwirira mazira m'chilimwe, mkwasa wa matope omwe madzi a Freddy anasiya pamtengo wa msangu, ofika pachifuwa panga, ndi dothi la makande long'aluka, lomwe limang'amba khoma.

Fomu ija imafunsa ngati malowo ayandikana ndi dambo kapena malo otetezedwa. Pamenepa musabise kanthu. Elephant Marsh inalowa m'kaundula wa Ramsar wa madambo ofunika padziko lonse mu 2017, ndiye si chithaphwi wamba. Ngakhale ngalande yaikulu ya ulimi wamthirira yochokera ku Kapichira, yomwe njira yake ikukhudza malo otetezedwa a nyama zakutchire a Majete ndi Lengwe, anayamba aiunika asanaikumbe. Nanga ife tikanathawa bwanji?

Chovuta chinali kupeza malo ena. Pachitunda chomwe tinachiona kuti n'chabwino panali munda wa banja lina. Tinakhala pansi katatu. Amfumu anawapatsa munda wina, ndipo mbali zonse zinasaina chikalata pamaso pa mboni. Kumeneko tinayendanso m'mawa ngati poyamba, ndipo mvula itagwa tinabwereranso kukaona ngati madzi amaimapo. Tinangopeza mapazi a mbuzi. Tinalawanso madzi a mjigo wapafupi, poti kuchigwa kuno mijigo yambiri imatulutsa madzi amchere. Anali abwino.

Amayi a kumadimba anadandaula kuti ulendo watalika, ndipo sananame. Tinawapempha alangizi a zaumoyo kuti sikelo iziyamba dzuwa litatuluka ndithu, ndipo anavomera. Fomu, kope ndi zithunzi ndinakazipereka kukhonsolo pa njinga, chilolezo chinatuluka, ndipo njerwa tinaumbira pachitunda pomwepo.