K1 ya azakhali imene inasowa mu Excel

Sabata yatha m'kalasi lathu lamadzulo la zowerengera ndalama tinafika pa mutu wa ROUND, fomula yozungulira manambala mu pulogalamu ya pa kompyuta ya Excel. Anzanga ankalemba mwakhama, ine ndikuseka chamumtima, chifukwa mutu womwewu unali utandichititsa kale manyazi mu December pakhonde la azakhali ku Kapata mu Chipata, pamaso pa azimayi 22.

Azakhaliwo ndi msungichuma wa gulu lawo la village banking. Chaka chonse amalemba m'buku lachikuto cholimba, koma itakwana nthawi yogawana anandiitana. "Iwe si ukuphunzira za makompyuta? Bwera utiwerengere, tisagonere pano." Ndinapita ndi laputopu yobwereka, mapewa ali m'mwamba.

Phindu la chaka, la chiwongola dzanja ndi zindapusa za ochedwa, linali K7,000. Masheya onse anali 300. Ndinagawa, kabokosi n'kudzaza ndi 23.33333333, ma 3 osatha. Sizinandikongolere, ndiye ndinadina batani lochepetsa manambala a kumapeto mpaka panatsala 23.33. Kenaka ndinachulukitsa ndi masheya a munthu aliyense, pansi n'kuwonkhetsa. K7,000.00 ndendende. Ndinawatembenuzira laputopu kuti aone.

Azakhali sakhulupirira chinthu chimene sanachidine okha. Anatulutsa kakyuleta kawo kozilala mabatani, n'kuyamba ndi mzere wawo: masheya 30 kuchulukitsa ndi 23.33. Kanawapatsa 699.90, pomwe ine ndinali nditalemba 700.00. Anabwereza kawiri. Atachulukitsa masheya onse 300 anapeza K6,999.

"Mwanawe, K1 ili kuti?"

Ndinati kompyuta silakwitsa. Mayi wina kumbuyo anati, "Kompyuta silakwitsa, koma woigwirayo?" Gulu lonse linaseka. K1 sigula ngakhale mulu wa tomato pa Saturday Market, koma pa ndalama za gulu nkhani si kukula kwake. Ngati K1 sikuoneka kumene yapita, anthu amayamba kuganiza kuti kuli K100 inanso imene sakuiona.

Zimene aphunzitsi anafotokoza sabata yathayi n'zimene ndinalephera kufotokoza tsiku lija. Batani lija silinasinthe nambala, linangoiveka malaya. Pamaso pankaoneka 23.33, koma mkati Excel inkasungabe ma 3 ake onse (imasunga mpaka manambala 15) ndipo pochulukitsa inkagwiritsa ntchito yamkatiyo. Azakhali ankachulukitsa imene ankaiona. Tonse tinkalondola, koma aliyense ndi nambala yake. Kuti nambala yeniyeniyo isinthe pamafunika fomula, monga =ROUND(B2,2) (B2 ndi dzina la kabokosi kamene muli nambalayo), imene imasiya manambala awiri okha pambuyo pa kadontho. Wachitatu akakhala 5 kapena kuposa, wachiwiriyo amakwera. Ukaika 0 m'malo mwa 2 umatsala ndi makwacha athunthu, ukaika -3 imazungulira ku masauzande, moti 46,700 imakhala 47,000.

Chimene chinanditengera nthawi si fomulayo ayi, koma funso loti uiike pati. Poyamba ndinaganiza kuti ndiike ROUND m'kabokosi kalikonse, basi nkhani ithe. Kumeneko ndiye kutaya ndalama. Ukazungulira mtengo wa sheya imodzi usanachulukitse, kachidutswa kamene wadulako kamachulukitsidwa ka 300, ndipo ndi K1 ya azakhali ija. Aphunzitsi anati manambala a pakati asiyidwe aatali momwemo, ROUND iikidwe kamodzi, pamzere umene ndalama ikuchoka kupita m'manja mwa munthu kapena kukalembedwa pa lisiti. Ndi mmenenso zilili ndi VAT ya 16 peresenti: ukazungulira msonkho wa chinthu chilichonse payekhapayekha kenaka n'kuwonkhetsa, nthawi zina umasiyana ngwee imodzi kapena ziwiri ndi amene wawerengera pa ndalama zonse pamodzi. Ndinayesa ndi malisiti akale a ku Down Shops ndipo ndinaona kuti zimachitikadi.

Pali njira yachidule imene mnzanga wina m'kalasi anaipeza yekha, n'kubwera akudzitama. Mu File, Options, Advanced muli kabokosi kolembedwa Set precision as displayed. Ukakachonga, Excel imayamba kuwerengera ndi zimene zikuoneka, m'masamba onse a fayiloyo nthawi imodzi. Zimamveka ngati mankhwala a vuto langa lija. Koma manambala amene unalemba ndi manja amadulidwa mpaka kalekale, ngakhale utachotsa chongacho pambuyo pake sabwerera. Excel imachenjeza, koma ndani amawerenga timauthenga timeneti? Mnzangayo anali ndi mtengo wosinthira kwacha yathu ndi ya ku Malawi, wa bizinesi yake ya pa boda ya Mwami, wokhala ndi manambala anayi pambuyo pa kadontho. Anatsala awiri. Ine njira imeneyi sindiikhudza, kupatula pa fayilo yokopera.

Za kuveka tsamba lonse malaya amodzi, nanenso ndinapsa nazo. Ndinadina Ctrl+A kusankha zonse, Ctrl+1 kutsegula Format Cells, n'kulemba mu Custom kuti "K"#,##0.00. Ndalama zinakongola, K patsogolo, koma pakati pa masauzande, ngwee ziwiri kumapeto. Koma masheya a azakhali anasanduka K30.00, ndipo tsiku la msonkhano woyamba, 4 January 2025, linasanduka K45,661.00. Ndinadzidzimuka ngati wina wabweza ngongole yaikulu osandiuza. Kwa Excel deti ndi nambala chabe, kuwerenga masiku kuyambira pa 1 January 1900. Tsopano ndimasankha makolamu a ndalama okha, nditagwira Ctrl, ndipo masheya ndi madeti ndimawasiya ndi malaya awo.

Chinanso chimene buku lathu la m'kalasi silinena: ngwee za pa kompyuta si ngwee za m'thumba. Kuyambira pomwe ndalama yathu inachotsedwa maziro atatu mu January 2013, kakobili kakang'ono kwambiri ndi ka 5 ngwee, ndipo nakonso sikaonekaoneka pamsika. Mayi wa masheya 17 ayenera kulandira K396.67. Ngwee 67 uzitenga kuti? Pa foni ukhoza kutumiza, koma gulu la azakhali limagawana ndalama zogwira m'manja, zoyalidwa pachitenje.

Tsiku lija anagamula ndi apampando, osati kompyuta. Anati aliyense alandire makwacha athunthu, zotsalira zilowe m'thumba la mavuto, lija amathandizana nalo pamaliro ndi pamatenda. Ine ndinachita kudula ngweezo pamanja, mzere ndi mzere, thukuta lili kamukamu. Panopa ndadziwa kuti fomula yodulira ngweezo ndi =ROUNDDOWN(D2,0), ndi kuti ROUND wamba sikanathandiza, chifukwa ikanakweza ena mpaka zoperekedwa mwina n'kuposa zimene zili m'bokosi.

Fayilo ya chaka chino ndaikonza kale. Pansi ndawonjezera mizere itatu: phindu lonse, zoperekedwa kwa mamembala, ndi zotsalira zopita kuthumba la mavuto. Ndinayesa ndi manambala a December, zotsalira zinatuluka K8. Lamlungu ndinapita nayo kwa azakhali. Anavala magalasi, anatulutsa kakyuleta kaja, anawonkhetsa 6,992 ndi 8, n'kundiuza kuti ndiwasindikizire papepala, amate m'buku lawo.